Makaniko Amene Sankasayina

Ndagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri m'sitolo ya zipangizo pa kampani ina yaing'ono yokonza ndege. Ntchito yanga ndi kupereka masipanala m'mawa ndi kuwalandira madzulo, kuti pasapezeke ngakhale imodzi yotsalira m'mimba mwa ndege. Sitoloyo ndi kachipinda kopanda zenera kumapeto kwa shedi yaikulu yokonzeramo ndege. Muli mashelefu achitsulo, tebulo limodzi ndi mipando iwiri. Mpando wachiwiriwo kwa zaka zambiri ankakhalapo ndi munthu amene tonse tinkamuitana kuti a Kwatsala.

Ine ndinawapeza pakampanipo. Analowa ntchito akutsuka ndege ndi ndowa ndi chiguduli. Kenako anayamba kugwirira amakaniko tochi, kenako kumasula mabawuti, mpaka anafika pophwasula injini yonse n'kuibwezera okha. Anali aafupi, a mapewa otambalala, ndipo zikhadabo zawo zinali zakuda ndi girizi wosamva sopo. Injini ikamalira panja poiyesa, iwo ankangopendeketsa mutu n'kunena kuti, "Pulagi yachitatu, mbali ya kumanzere." Akatsegula, vuto linkapezeka pomwepo.

Koma ntchito ya ndege simathera pa kukonza. Ndege ikakonzedwa pamafunika munthu wa layisensi woti asayine m'buku lake kuti ikhoza kuuluka. Popanda siginecha imeneyo siinyamuka, ngakhale itakonzedwa bwino motani. A Kwatsala analibe layisensi. Ankagwira ntchito tsiku lonse atagona chagada pansi pa phiko, akamaliza n'kupukuta m'manja, n'kupita kukagogoda ku ofesi ya injiniya wamkulu. Mkuluyo ankabwera ndi cholembera, kusuzumira apa ndi apo, kugwedeza mutu, n'kusayina. M'mabuku onse a ndege za pakampani pathu mulibe tsamba ndi limodzi lomwe lokhala ndi dzina la munthu amene ankazikonzadi.

Injiniya wamkuluyo anali bambo wachikulire wamtima wabwino, wovutika ndi mawondo. Ndi iwo amene anayambitsa nkhani yonseyi. Tsiku lina anapeza a Kwatsala pakhomo la sitolo yanga akubweza sipanala.

"Ine mawondo andithera," anatero mkuluyo. "Zaka zinayi kapena zisanu zikubwerazi ndikupuma. Ndiye adzasayine ndani pano? Masiku ano sukulu ili pa foni, simufunika kusiya ntchito. Lembetsani."

"Bwana, mutu wa zaka makumi anayi ungalowenso masamu?"

"Injini mumaidziwa kuposa ine. Zinazo n'zowerenga basi."

Sabata yomweyo analembetsa. Sukuluyo inali ya pa intaneti, ya kutali, ndipo aphunzitsi ake sanakumanepo nawo maso ndi maso. Ankatumiza mavidiyo, mabuku owerengera pa foni ndi mafunso oyeserera. Mayeso enieni ankakalembera ku ofesi yoona za ndege, pa kompyuta. Onse pamodzi anali khumi ndi awiri, ndipo kuti munthu akhoze ankayenera kupeza malikisi 75 pa 100. Ukalephera unkadikira miyezi itatu usanabwereze. Ukalephera mayeso amodzimodzi katatu motsatizana unkadikira chaka chathunthu. Panalinso lamulo lina: mayeso alionse amene wakhoza ankakhala ndi moyo zaka zisanu zokha, ndipo tsiku lopempha layisensi onse khumi ndi awiri ankayenera kukhala amoyo.

Malamulo amenewa anandiwerengera okha, akuseka.

"Zaka zisanu? Achimwene, ine zaka ziwiri zokha ndidzakhala nditathana nazo."

Powerengera anasankha sitolo yanga chifukwa ndi malo okhawo kumene phokoso la shedi silinkafika kwambiri, komanso netiweki inkagwira pakona ya shelefu ya mafyuluta. Belu la nkhomaliro likalira, anzawo akuthamangira ku kantini, iwo ankalowa ndi buledi ndi botolo la tiyi, n'kutsamiritsa foni ku chitini cha girizi. Mphunzitsi wa mu vidiyo ankalankhula Chingerezi chothamanga, chotulukira m'mphuno. A Kwatsala ankamuimitsa, kumubweza m'mbuyo, kumumvetseranso, kwinaku akulemba m'makope a ana asukulu ndi zilembo zikuluzikulu. Nthawi zina vidiyo inkaima pakati, kachizindikiro n'kumangozungulira mpaka belu lobwerera ku ntchito kulira.

Dzina lawolo linabwera nthawi imeneyi. Aliyense akawafunsa kuti sukulu ikuyenda bwanji, yankho linali limodzi: "Kwatsala khumi." Kenako, "Kwatsala asanu ndi atatu." Amakaniko anzawo anangoligwira, ndipo eni akewo ankaliyankha mokondwa, chifukwa nambala inkatsikadi.

Chiyambi chinali chabwino. M'miyezi isanu ndi itatu yoyamba anakhoza mayeso anayi. A masamu anawakhoza ulendo wachiwiri, ndipo tsiku limenelo anavina m'sitolo mwanga atavala ovololo, mpaka kugwetsa bokosi la mawasha. A za injini, amene analemba chaka chachiwiri, anapeza 94. Koma zaka ziwiri zimene ankanena zija zinatha asanafike ndi pakati pomwe. Ntchito inkachuluka, ndege ikafunika msanga nkhomaliro inkadyedwa chiimirire, ndipo mwezi unkatha asanatsegule kope.

Lamlungu lina ndinakawachezera kwawo. Ankakhala m'nyumba ya zipinda ziwiri kumapeto kwa kamsewu kafumbi. Akazi awo ndi telala, makina awo osokera amakhala pakhonde. Ndinawapeza akupalasa makina, foni ili pambali pa nsalu, akuwerenga mafunso mokweza. A Kwatsala anali pa benchi, maso ali chitsinzinire, akuyankha. Ana awo atatu anali ataunjikana kuseri kwa nyumba, akusewera monong'ona.

"Alamu, mwafika bwino," anatero mayiwo. "Mukawauze abwana anu kuti akafuna wosayina atenge ine. Mayankho onse ndawaloweza. Ndifunseni za mafuta a ndege muone."

"Mayankho mwaloweza, koma mukudziwa tanthauzo lake?" anafunsa amuna awo.

"Nanga kompyuta yanuyo imafunsa tanthauzo?"

Tinaseka tonse. Pondiperekeza, mayiwo ananditsinako khutu kuti bambo anasiya kupita ku tchalitchi, ku maukwati ngakhale kukaona odwala. Malume awo atamwalira, tsiku loika maliro linakumana ndi tsiku la mayeso, ndipo anasankha mayeso. Kuyambira pamenepo abale a kuchimuna anasiya kuponda pakhomopo. Ankati ndege zawalowa m'mutu.

Pofika chaka chachinayi anali atakhoza khumi ndi amodzi. Anatsala ndi amodzi okha, a za magetsi ndi makompyuta a m'ndege, amene ankangowakankhira kutsogolo chiyambire.

"Injini ndimaimva, ndimaigwira, ndimainunkhiza," anandiuza tsiku lina, atagwira mutu ndi manja awiri. "Koma izi, achimwene, munthu ungakonze bwanji chinthu chosaoneka? Akundifunsa za magalasi a kompyuta a m'ndege zikuluzikulu. Ine sindinalowemo ngakhale monga wapaulendo. Zathu zino n'za mawotchi a singano."

Ulendo woyamba anapeza 58. Anadikira miyezi itatu, n'kupeza 68. Nthawi imeneyo ndinaona kuti foni ankaigwira patali, mkono atautambasula, maso atawachepetsa. Anagula magalasi owerengera kwa ogulitsa m'mbali mwa msewu, koma ankawavala m'sitolo mokha. Akamva mapazi pakhomo ankawabisa m'thumba la ovololo.

Miyezi itatu yodikira itatha, kunali kutatsala miyezi isanu ndi itatu kuti mayeso awo oyamba aja afe. Tinakhala pansi n'kuwerenga masiku pa kalendala ya pakhoma.

"Musapupulume," ndinawauza. "Ulendo wachitatu ndi woopsa. Mukalephera akuimikani chaka. Werengani miyezi isanu ndi umodzi, mukalembe mutapsa."

Anavomera. Koma patangotha sabata ziwiri injiniya wamkulu anawaitanira ku ofesi. Adokotala anali atamuuza kuti asiye ntchito kumapeto kwa mwezi wotsatira. Eni kampani ankafuna kudziwa ngati alembe munthu wina wa layisensi. Mkuluyo anawachonderera kuti adikire, ndipo iwo anati adikira pokhapokha ataona zotsatira za mayeso onse mkuluyo asanachoke.

"Ndakumenyerani nkhondo mpaka pamene ndikanathera," anatero mkuluyo. "Kwatsala kwa inu."

A Kwatsala analembetsa mayeso a sabata zitatu kutsogolo. M'sabata zimenezo buledi ankabwerera naye kunyumba osamuluma. Ankalankhula okha pomanga mabawuti, kutchula mayina a zinthu zimene palibe wina m'shedimo ankazidziwa.

Tsiku la mayeso anapempha kuti alowe ntchito masana. Anadutsa pa geti m'mawa atavala shati yoyera imene akazi awo anawasokera, n'kundikwezera dzanja. Anabwerako belu la nkhomaliro litangolira. Anapita molunjika ku chipinda chosinthira, n'kutulukamo ali mu ovololo, n'kubwera pa kauntala yanga.

"Ndipatseni sipanala yoyezera mabawuti ndi pulayazi."

Ndinawapatsa. Anasayina m'kabuku kanga kotengera zipangizo, n'kuima pomwepo akuyang'ana cholembera.

"Mafunso analipo makumi anayi," anatero. "Amafuna makumi atatu. Ine ndakhoza makumi awiri ndi asanu ndi anayi."

"Pepani, akulu."

"Funso lake ndikulidziwa. Ndinayankha bwino poyamba. Kutatsala mphindi ziwiri ndinabwererako n'kusintha."

Anatenga zipangizozo n'kupita kukagwira ntchito mpaka madzulo. Tsiku limenelo palibe amene anawaitana ndi dzina lija.

Sabata yotsatira ndinawaperekeza ku ofesi yoona za ndege kukadandaula. Tinadikira pa benchi ya m'khonde maola awiri. Amene anatilandira anali mayi wina waulemu, wovala magalasi a chingwe. Anawamvetsera mpaka kumapeto osawadula.

"Bambo, ndikumvetsa ndithu," anatero. "Koma lamulo likuti chaka. Ngakhale nditafuna, kompyuta singalole kuti ndikulembetseni."

"Mayi, chaka chikamatha, mayeso anga oyamba adzakhala atafa."

"Amene afe mudzalembanso."

"Ndikamalemba amenewo, ena adzakhala akufa kumbuyo. Ndiye ndizitungira madzi m'dengu?"

Mayiwo anavula magalasi n'kuyang'ana a Kwatsala.

"Lamuloli analiika kuti munthu wosayina ndege akhale ndi nzeru zatsopano m'mutu. Mumakwera anthu m'menemo, bambo."

"Zaka makumi awiri ndi zinayi anthu akukwera ndege zokonza ine. Palibe inagwa."

"Sindikukana. Koma ine pano ndimaona zimene zili pa kompyuta."

Tinatuluka. Pa siteji ya basi anagula madzi, n'kungowagwira osamwa mpaka tinakafika.

Injiniya wamkulu anapuma monga ananenera. Amene analowa m'malo mwake anali mayi wa zaka zosakwana makumi atatu, wochokera ku koleji ya za ndege. Tonse tinkamudziwa, chifukwa zaka zingapo m'mbuyomo anabwera kudzaphunzira ntchito pakampani pathu, ndipo ndi a Kwatsala amene anamuphunzitsa kupota waya womangira mabawuti kuti asamasuke. Sanali munthu wamwano. Ankawaitana kuti aphunzitsi, ndipo m'mawa ankayamba ndi iye kuwapatsa moni. Koma sankasayina chinthu chimene sanachione ndi maso ake.

Tsiku lina a Kwatsala anamaliza kusintha paipi ya mafuta n'kutseka chivundikiro cha injini, monga ankachitira nthawi ya mkulu uja. Injiniya watsopanoyo anabwera ndi tochi.

"Aphunzitsi, pepani, tsegulaninso ndione."

"Ndamanga bwino, mayi."

"Ndikudziwa. Koma dzina limene likulowa m'bukumo ndi langa."

Anamasula masukuluwu onse makumi atatu anthu akuonerera. Mayiyo anawalitsa tochi, kugwira paipi, n'kunena kuti zili bwino. A Kwatsala anamanganso masukuluwu aja limodzi ndi limodzi. Atabwera kudzabweza sikuludiraiva anandiuza kuti, "Sanalakwe. Nanenso ndikanatero." Mawu awo anali otsika moti ndinachita kuwerama kuti ndimve.

M'chaka chodikiracho akazi awo anabwera pa geti la kampani, chinthu chimene anali asanachitepo. Anatuma mlonda kuti aitane ine, osati amuna awo. Tinaima pamthunzi wa mpanda.

"Alamu, inu amakumverani. Auzeni asiye."

"Atsala pang'ono, alamu."

"Mawu amenewo ndawamva zaka zisanu. Lamlungu amakhala pa benchi paja foni ili m'manja, koma sawerenga. Amangoyang'ana. Mwana wathu woyamba wandifunsa ngati bambo ake akudziwa kalasi imene ali. Ndinawayesa, sanadziwe. Ine ndinabwereketsa mwamuna wanga ku sukulu imeneyi ali munthu woseka. Andibwezere, ngakhale wopanda layisensi."

Anapukuta m'maso ndi m'mphepete mwa mpango, n'kunditsanzika. Ndinakhala ndi uthengawo masiku atatu. Nditawauza, a Kwatsala anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Ndisiye? Ndiye maliro a malume ndinajombera chiyani? Ndikawauze chiyani abale anga?"



Chaka chitatha analembanso mayeso a magetsi aja, ndipo anakhoza ndi malikisi 80. Sanavine. Anangondionetsa uthenga wa pa foni, n'kutenga pensulo kukachonga pa kalendala. Mayeso atatu anali atafa kale, achinayi akufa mwezi wotsatira. Anayambiranso a masamu, n'kulephera. Podikira miyezi itatu anakhoza ena awiri, koma kumbuyo kunafa enanso awiri. Ankabwerabe ku sitolo, magalasi tsopano akuvala poyera, koma nthawi zambiri ndinkawapeza atasinza vidiyo ikulankhula yokha.

Kenako inafika nthawi yobwereza mayeso a za injini, amene anapeza 94 aja. Sanawerenge kwambiri, ndipo ine sindinawakakamize, poti ndani akanawaphunzitsa injini? Koma m'zaka zisanu zimenezo mafunso anali atasintha. Theka lake linali la injini zatsopano zoyendetsedwa ndi kompyuta, zimene pakampani pathu sizinafikepo. Anapeza 70.

Tsiku limenelo sanabwerere ku ntchito. M'mawa mwake anabwera molawirira, shedi isanatsegulidwe, n'kundipeza ndikusesa m'sitolo.

"Kompyuta yanena kuti injini sindiidziwa," anatero.

"Kompyuta sinagwirepo sipanala, akulu."

"Musandinyengerere, achimwene. Ndinakhala pampando paja ndikuwerenga mafunso, ndipo sindinkawadziwadi. Kale ndinkati vuto ndi Chingerezi, vuto ndi netiweki, vuto ndi nthawi. Dzulo ndaona kuti ndege zinandisiya kalekale, ine ndikuti tili limodzi."

Sabata yomweyo anapempha kuti awasamutsire ku chipinda cha matayala ndi mabuleki, kuseri kwa shedi, kumene munthu amagwira ntchito yekha. Injiniya watsopano anawakaniza kawiri, kuwauza kuti pa injini palibe wowaposa. Kachitatu anavomera. Makope awo onse, okwana makumi awiri ndi limodzi, anawamanga ndi chingwe n'kuwatengera kunyumba. Akazi awo anandiuza kuti mapepala ake amadulirapo mapatani a makolala ndi matumba a malaya, ndipo bambo saletsa. Ku tchalitchi anayambiranso kupita, koma amakhala kumbuyo n'kutuluka anthu asanayambe kupatsana moni. Abale a kuchimuna sanabwererenso pakhomopo.

Tsopano ali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zinayi. Amafika pa nthawi yake, ntchito yawo ilibe chilema, ndipo salankhula ndi munthu pokhapokha atafunsidwa.

Mwezi watha anabwera pa kauntala yanga foni ili m'manja.

"Achimwene, inu mumadziwa za mafoni. Tandithandizani kutseka ichi."

Unali uthenga wochokera ku sukulu ija, wotumizidwa ndi makina. Unkawalonjera ndi dzina, kuwauza kuti aphunzitsi awasowa, ndi kuwakumbutsa kuti phunziro lachisanu ndi chiwiri likuwadikira pamene analekezera. Anati umabwera Lolemba lililonse nthawi ya eyiti m'mawa. Ndinadina apa ndi apo, koma kuti munthu autseke pankafunika mawu achinsinsi olowera, ndipo iwo anali atawaiwala. Tinayesa mayina a ana awo onse atatu, tinayesa tsiku lawo lobadwa, zonse zinakana.

"Zisiyeni," anatero, n'kutenga foni yawo.

Lolemba lapitali ndinkadutsa kuseri kwa shedi kukapereka geji yopimira mpweya. Anali akugubuduza tayala kupita nalo ku chopopera pamene foni inalira m'thumba. Analiimika ndi bondo, kupukuta dzanja pa ovololo, kuvala magalasi, n'kuwerenga uthengawo wonse mpaka kumapeto. Kenako anabweza foni m'thumba n'kupitiriza kugubuduza tayala lija.